Mipando Iwiri ya M'ndege

Foni inabwera m'mawa: mekaniki wagweredwa ndi injini kumgodi, ali m'chipatala cha komweko ndipo akuitana mkazi wake. Kampani inapereka mipando iwiri m'kandege kake konyamukira pabwalo la kuseri kwa tawuni. M'mwamba ndi ulendo wosakwana ola. Pamsewu ndi tsiku lathunthu, poti msewuwo umazungulira mapiri ngati wasochera.

Mkazi wake, telala, ankaponya zovala m'chikwama pamene apongozi ake analowa osaodira. Pabanjapo ankawatchula mobisa kuti a Ndinabala, chifukwa mkangano uliwonse ankauyamba ndi mawu amenewo.

"Mpando umodzi ndi wanga, wina wa mlongo wake," anatero.

"Amayi, aitana ine."

"Ndinabala ndine! Iwe unamupeza ali ndi ndevu kale. Galimoto yake si iyo panjapo? Paja umatinyadira kuti umatha kuyendetsa."

Telala anagwada n'kuwagwira miyendo, misozi ili chuchuchu. "Chonde amayi, ndikangowaona ali moyo." Iwo anamukankha ndi bondo. Mlamu wake, mlongo wa mwamunayo, amene anabwera ndi amayi akewo, ankangodzola mafuta m'manja ngati nkhaniyo sikumukhudza. Awiriwo anatuluka, chitseko pha!

Podutsa pafupi ndi bwalo la ndege, telala anakaona kandegeko kakukwera, ndipo analira mokweza ali pachiwongolero. Tsiku lonse anamwa fumbi la malole m'zitunda. Akaimba foni, mlamu wake ankadula. Dzuwa litapendeka anadutsa bwalo la ndege la tsidya linalo, kandege kaja katazizira kalekale, mbuzi zikudya udzu m'mbali mwa waya.

Kuchipatala namwino anamutengera pambali. "Pepani mayi, atisiya masana. Maso awo anali kuchitseko basi. Amayi awo anawauza kuti mwakana kubwera, ati muli ndi madiresi a ukwati oti mumalize. Atamva zimenezo anatembenukira kukhoma, sanayankhulenso."

Telala anakhala pansi pasimenti. Imfayo inamupweteka, koma bodzalo linamupweteka koposa, chifukwa panalibenso woti akamuuze zoona.

M'mawa mwake a Ndinabala anabwera atafewa ngati nthochi yakupsa. Woyendetsa ndege anali atawauza kuti bokosi la maliro silingalowe pakakhomo ka kandegeko.

"Mwana wanga," anatero koyamba chikwatiwire telalayo, "thupili lidzera pamsewu, m'galimoto yakoyi. Ine ndikhala kutsogolo nawe. Sindingasiyane naye mwana wanga."

Telala anadikira amuna akweze bokosi kumbuyo, analimanga yekha zingwe, n'kuyala nsalu pamwamba kuopa fumbi. Kenako analowa ndi kukhoma zitseko zonse. Apongoziwo anakoka chogwirira, anamenya galasi ndi zikhatho.

"Tsegula iwe! Ndinabala ndine!"

Anatsitsa galasi pang'ono. "Munabaladi, amayi, palibe akukana. Kwerani ndege yanu, mukafika msanga, mukauze anthu zomwe mukufuna. Ine ndili ndi zambiri zoti ndiwafotokozere amuna anga, ndipo msewuwu ndi wautali."

A Ndinabala anathamangira galimotoyo mpaka pageti, nsapato imodzi itavuka, akulira dzina la mwana wawo. Telala sanayang'ane m'mbuyo. Atafika pachitunda choyamba anachepetsa liwiro n'kuyamba: "Bambo, sindinakane ayi."