Chifuwa cha pa Poloti ya a Nedson

Edna ankakupiza mbaula pakhonde, khanda lake Luntha lili kumsana, pamene anachimva koyamba chifuwa chija. Chinachokera khomo lachitatu, kwa Pemphani, mwana wa sitandade thu. Chinali chouma, ngati galu wokalamba akuuwa mu diramu.

Pa poloti ya a Nedson ku Chinsapo mabanja ndi ambiri, mpopi ndi umodzi, ndipo ana amalandizana kapu mamina ali chuchuchu. Sabata isanathe azing'ono ake a Pemphani anali atatentha thupi. Kenako chinalowa khomo loyandikana, kwa mwana wina, Tiwale. Agogo ake a Tiwale, amene ankafunda bulangete limodzi ndi zidzukulu, anabanika Lachinayi, Loweruka anthu anali kumanda.

Apa ndiye pakamwa panatseguka. Wina anamva mapazi pamalata. Wina anamva fungo la chowola kuseri kwa bafa, ngati kuti fungo n'lachilendo kuseri kwa bafa la poloti yonse. Za sukulu kumene ana ankatsokomolerana tsiku lonse palibe anazitchula.

A Nedson, eni poloti, anabweretsa sing'anga, a Zaki. Sing'angayo analamula kuti mazenera atsekedwe, ming'alu yonse imatidwe ndi sanza kuti mfiti isowe polowera, ndipo ana onse, odwala ndi abwino omwe, azigona chipinda chimodzi chotsirika. Tsiku lililonse ankatafuna mizu n'kupemerera mwana aliyense kumaso. Ana amene analowa m'chipindamo akuseka anayamba kutuluka maso ali psuu. A Zaki anati mfitiyo yakwiya.

Edna yekha ndiye anakaniza mwana wake, zenera lake n'kulisiya pululu.

"Anesi kusikelo anati wotsokomola azigona payekha, mpweya uzilowa," anauza mwamuna wake Malizani.

"Anesiwo amakhala pano? Khomo lathu lokha ndi limene chalidumpha. Anthu ayamba kunong'ona."

"Chalidumpha chifukwa mwana sindimupititsa uko."

"Ukawauze zimenezo akabwera ndi petulo."

Edna anapsa mtima, koma akanakalipira yani? Kumpopi amayi anzake ankachotsa zidebe zawo iye akafika. A Nedson anapereka mawu: khanda lipemereredwe mawa, apo ayi banjalo lione msewu.

M'mawa kusanayere bwino, Edna anasiya Luntha ali mtulo n'kupita kukatunga madzi. Ali pampopi anachimvanso. Galu wa mu diramu uja, koma ulendo uno mawu aakulu, a munthu wamkulu, kuseri kwa bafa. Anasuzumira. A Zaki anali atagwira khoma, akutsokomola mpaka misozi, thukuta lili kamukamu. Anapukuta mphuno ndi chikhatho, ndi chikhatho chomwecho anatapa mizu m'thumba n'kuponya m'kamwa.

Edna anabwerera kukatseka mpopi, akukonza mawu oti auze poloti yonse. Chidebe anachisiya pomwepo.

Anapeza anthu atasonkhana kale pakhomo pake. Malizani anali atanyamula Luntha m'manja, atamuvula kachipewa, nkhope yake itapepuka ngati munthu amene watula katundu. A Zaki anali atafika kale, atawerama pa mwanayo, masaya atatupa ndi mizu.

"Malizani, ayi," anatero Edna.

Mwanayo anaphethira, madontho obiriwira ali pamphuno ndi pamilomo, kenako ananyambita. Amayi onse anawomba m'manja.