Nambala ya Lole Yothawa

Mayi telala anatuluka mu ofesi ya loya dzuwa litalowa, minibasi yomaliza itapita kale. Yankho linali lomwe lija: popanda nambala ya lole imene inagunda minibasi yawo pamlatho n'kuthawa, chipukuta misozi palibe. Apolisi anali oti atseka failo mawa lake. Nanga mwendo wake wothyoka pa ngoziyo si umene ankapondera makina osokera! Miyezi inayi makina ali chete, ana akudyera kwa achibale.

Anauyamba wapansi ndi ndodo zake ziwiri, go, go, go patala. Mayiyu kudandaula sankakudziwa. Ankapita akuimba, n'kumadziseka yekha kuti pa liwiro limeneli akafika kwawo ana atakwatiwa onse.

Atayandikira mlatho uja, nyimbo inatha yokha. Magalimoto anasiya kudutsa. Achule anangoti zii. Kunazizira. Tsitsi linaima...

"Mwaswera bwanji, mayi?"

Mayo! Pachitsulo cha mlatho panatsamira bambo wovala ovolosi ya okonza msewu, mbendera yofiira ili m'manja, akumwetulira ngati waona mlamu wake. Dzino limodzi lakutsogolo analibe. Mwezi unkawala. Chithunzithunzi chake panalibe. Mbendera inkakupiza... koma mphepo kunalibe!

Mtima unati thawa. Mwendo unakana.

"Lole ija ndinaiona ine," anatero bamboyo. "Lembani."

Anatchula zilembo. Kenako manambala, imodziimodzi. Mayi telala anapisa dzanja m'thumba, n'kupeza kachoko kolembera nsalu. Analemba pandodo pomwepo.

Bambo uja anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ha! Lero ndiye ndamaliza! Anzanu onse amaliyatsa liwiro ndikangotchula chilembo choyamba."

"Musandiyamikire, bambo," anayankha mayiyo. "Ndikanakhala ndi miyendo iwiri bwenzi pano mukulankhula nokha."

Anaseka onse awiri, mayiyo mpaka misozi, mantha ndi phwete zitasakanikirana. Mayiyo anawerama kuti awerengenso nambala ija. Podzutsa mutu... palibe munthu! Achule anayambiranso kulira. Sanacheuke mpaka kwawo, ndipo ndodo ija anagona nayo pabedi kuopa kuti ana angafufute choko.

Kutacha anakaigoneka patebulo la wapolisi wachikulire amene ankasunga failo yake. Wapolisiyo anangoyang'ana ndodo, n'kuyang'ana mwini wake, koma nambala anaikopera ndithu. Pofika masana lole inali itapezeka kuseri kwa galaja ina, kutsogolo kuli penti watsopano. Dalaivala atapanikizidwa ndi mafunso anaulula zonse. Loya uja, amene dzulo ankayasamula polankhula naye, anabwera chothamanga tayi ili paphewa, akuti a inshuwalansi tsopano alibe pothawira. Mayi telala anavina mwendo umodzi pakhonde la polisi, akulengeza kuti agula makina amagetsi, mwendowo upume. Anasangalala zedi, ndipo sanabise.

Wapolisi uja anamuitanira m'kati.

"Mayi, mboni yanuyi tiilembe kuti ndani?"

"Dzina sindinafunse, bwana. Wokonza msewu, wa mbendera yofiira. Woseka kwambiri, wopanda dzino apa."

Wapolisi anasiya kulemba. Anatsegula kabati, natulutsa failo ina yachikale yomanga ndi chingwe. Anafufuta fumbi, n'kusonyeza chithunzi.

"Uyu?"

"Yemweyo! Kumwetulira kwake komweko!"

Wapolisi anavula chipewa.

"Ameneyu tinamutola pansi pa mlatho womwewo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, atamwalira. Inamugunda lole n'kuthawa. Dalaivala wanuyu lero waulula kuti analinso iyeyo. Mkazi wa malemuyu wakhala akubwera kuno chaka ndi chaka, ife n'kumamuuza kuti palibe mboni." Anatenga foni, misozi ili lengelenge m'maso koma akuseka. "Dikirani ndimuimbire. Nayenso alandira chake, mwamuna wake wapereka yekha umboni."