Kumene Vitalis Anapeza Nyumba

Loweruka limenelo kunali chiperoni. Ine ndi amayi tinali pakhonde, tikusenda nandolo, tikudikira mlongo wanga Vitalis kuti afike kuchokera ku Limbe. Dzina langa ndine Felista. M'mimba mwa amayi tinabadwa awiri okha, ine woyamba. Bambo anali atatisiya kalekale.

Chinali chaka cha 1998. Vitalis anali atangoyamba ntchito pa kampani ina yosoka zovala, ndipo ankagona kwa atsibweni athu, a Maluwa, ku Chigumula. Kumeneko kunamukana. Kwa atsibweni dzuwa likangolowa amatseka geti, amapemphera, aliyense n'kukagona. Vitalis sanali munthu wa zimenezo. Anali wa pagulu. Pamaliro ndiye ankayambitsa nyimbo. Pachigayo ankatha kuiwala ufa wake chifukwa cha nkhani. Kukhala yekha kunkamudwalitsa. Ine ndine wina. Ndimatha kuswera kumunda osatsegula pakamwa.

Choncho ankasaka nyumba yakeyake, ndipo Loweruka lililonse ankabwera kwathu kuno ku Namitambo kudzatifotokozera. Ku Ndirande anakukonda, anati anthu ali ngati nyerere, koma kunatalikira ntchito. Ku Bangwe anapeza chipinda chabwino, koma eni nyumba anamuuza kuti safuna alendo kapena wailesi. Ku Kachere anati anzake a kumeneko amacheza pamowa pokha, pamene iye sankamwa. Amayi ankangomuuza kuti apirire kwa atsibweni ake.

Tsiku limenelo anafika mdima utayamba, nsapato zili matope okhaokha, nkhope ili mwee. Anati galimoto ya matola inawafera atangopatuka msewu wa Midima, iye n'kuganiza zongoyenda wapansi. Njira yachidule imadutsa m'mabulugamu a esiteti yakale, imene eni ake anaisiya ife tisanabadwe. M'menemo, anatero, ndi m'mene wapeza malo.

Analankhula osapuma. Nyumba zili m'mizere, nyali zikuyaka, bawo ili mkati, nyimbo zikuimbidwa. Anthu anamulandira ngati anakulira pomwepo. Mayi wina, a Kalinde, anamuonetsa chipinda chopanda munthu. Ndipo kuchoka pamenepo kukafika pamsewu wa matola si patali.

Amayi anasiya kusenda. Anamuuza kuti m'mabulugamu mulibe nyumba. Iye anawayankha kuti masiku ano a matipati anthu akumanga paliponse, nanga iwo anapitako liti komaliza? Zinali zoona kuti zaka zimenezo timisika tinkamera m'mbali mwa misewu ngati bowa. Ine ndinamukhulupirira pang'ono. Amayi anayambanso kusenda. Pogona anandinong'oneza kuti mawa ndipite naye ndikaone.

Lamulungu titachoka ku Misa anamanga katundu wake. Ndinkafuna tinyamuke kukadawala, koma Vitalis sakanachoka osatsanzika mudzi wonse. Analowa nyumba iyi, analowa iyo, anakaima ku bwalo la mpira. Pamene tinkanyamuka, nkhuku zinali zitalowa. Ine ndinasenza ndowa ya mbale ndi mphasa, iye chikwama ndi mbaula.

M'mabulugamu munali nkhungu. Madzi ankadontha kuchokera m'masamba. Njira inayamba kuchepa mpaka udzu unkandikwapula m'miyendo. Vitalis ankayenda patsogolo mosakayika, akuimba mluzu. Kenako ndinamva mawu a anthu, ambiri, chapatali. Kenako gitala. Kenako ndinaona nyali.

Ndinaona ndi maso angawa. Tinyumba tadothi, tofolera ndi udzu, tatifupi, tili m'mizere iwiri. Pakhomo lililonse koloboyi akuyaka. Anthu onse anali panja ngakhale kunkazizira. Amuna anazungulira bawo, amayi ena akukazinga zitumbuwa, mnyamata wina akukhwatcha gitala ya chigubu. Atangomuona Vitalis, onse anayamba kumuitana dzina. Iye ankayankha uku ndi uku, akugwirana nawo chanza.

Mtima unakhala pansi kanthawi. Ndinati mwina amayi ndiwo alakwitsa.

Koma ndinapereka moni kwa mayi wina, sanandiyankhe. Ndinapereka kwa wachiwiri, maso ake anandidutsa ngati ndine mtengo. Ndinasendera pamoto wa zitumbuwa kuti ndiwothe. Motowo sunkatentha. Mafuta ankawira, koma panalibe fungo, ngakhale la utsi. Mphepo inkagwedeza mitengo, koma malawi a nyali anali chilili.

Ndinayamba kuyang'anitsitsa. Panalibe galu. Panalibe mwana, ngakhale wakumsana. Palibe amene anavala nsapato. Amuna anali m'makabudula a khaki ong'ambika, akazi m'nsalu zakuda zija ankavala agogo athu. Chinyanja chawo chinali chosakaniza ndi Chilomwe chakale, chimene ngakhale amayi sachilankhula.

A Kalinde anatulukira kumbuyo kwanga. Anali mayi wamtali, wa mphini m'masaya. Ananditula ndowa. Zala zawo zinandikhudza m'khosi, zozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anatitsogolera ku kanyumba ka kumapeto kwa mzere. Chipindacho chinali chopanda zenera, chopapatiza, chongokwana munthu mmodzi atagona chotambalala. Vitalis anayala mphasa, n'kuiphapha ndi dzanja, wokhutira.

Ndinamunong'oneza kuti tibwerere kunyumba, adzabwerenso mawa masana. Anandiyang'ana modabwa.

"Achemwali, mwaona nokha. Kuno munthu sasungulumwa."

Apa ndi pamene a Kalinde anandiyang'ana koyamba. Analankhula motsitsa, mopanda mkwiyo.

"Uyu ndi wathu. Inu ndinu achete, kuno simungakhaleko. Bwererani njira ikadalipo."

Ndinamugwira Vitalis pamkono. Nthawi yomweyo amuna a pabawo anamuitana kuti nthawi yake yakwana. Anapulumuka m'manja mwanga mosavuta, akundiuza kuti ndiwapatse moni amayi. Anthu aja anasendera, iye n'kukhala pakati pawo. Gitala inakwera. Ndinapezeka ndaima ndekha, aliyense atandifulatira.

Ndinaganiza zokaitana anthu. Nditayenda pang'ono ndinacheuka. Kunalibe nyali. Kunalibe nyumba. Mitengo yokhayokha ndi nkhungu. Koma mawu aja ankamvekabe pafupi, ndipo pakati pake ndinkamva mlongo wanga akufotokoza nkhani ya mpira. Ndinamuitana. Anthu anaseka, kaya ankaseka nkhani yakeyo, kaya ine. Ndinathamanga.

Amayi atamva sanalire. Anafunda nsalu n'kupita kwa oyandikana nawo. Amuna anasonkhana pabwalo pathu, koma nditafotokoza za tinyumba tija, achikulire anayang'anana. Anati m'menemo salowamo ndi mdima, tidikire kuche. Amayi anawagwadira. Sizinathandize.

Kutangoyera tinalowa m'mabulugamu ndi zikwanje. Tinamupeza mkati mwenimweni, pamalo pomwe mitengo inatalikirana. Pansi panali timitumbira tating'ono, tophwatalala, tomera udzu, tili m'mizere iwiri. Vitalis anali atakhala pamphasa yake, m'kadzenje kotitimira kumapeto kwa mzere, zovala zili zonyowa. Patsogolo pake anali atakumba timaenje m'dothi, akusunthamo timiyala. Zala zake zinali zitang'ambika.

Amayi atamugwira paphewa, iye anakwiya. Sindinamuonepo atakwiyira amayi chibadwire. Anati tamusokoneza masewera ali pafupi kupambana, ndiponso tamuchititsa manyazi pamaso pa anansi ake. Amuna anachita kumunyamula.

Vitalis anadwala. Thupi linatentha masiku angapo. Tinapita naye kuchipatala, anamwa mankhwala, kutentha kunatha. Koma pakamwa panatsekeka. Munthu uja wosatha kudya osalankhula ankangokhala pakhonde, manja ali pamaondo. Anzake ankabwera ndi nkhani za ku bwalo, iye n'kumawayang'ana ngati akudutsa. Ntchito inatha yokha. Atsibweni anabwera ndi anthu a kumpingo, anapemphera mpaka mawu anasasa. Iye anangokhala. Dzuwa likamalowa ndi pamene ankadzutsa mutu, n'kupendeketsa khutu chakumabulugamu.

Madzulo ena ndikuyatsa nyali, chitseko chinagogodedwa. Mofatsa, ngati mlendo waulemu. Ndinkati ndikatsegule, amayi anandigwira chitenje. Kunja kunamveka odi. Mawuwo ndinawazindikira, anali a Kalinde.

"Tabwera kudzaona ngati mnzathu wachira. Malo ake tamusungira."

Vitalis anadzuka pamphasa. Anayankha bwinobwino, ndi mawu ake akale aja, kuti akubwera. Anali mawu oyamba kutuluka pakamwa pake chibwerere. Tinatchinga chitseko ndi mtondo, ine ndi amayi n'kugona pomwepo. M'mawa panja panalibe phazi la munthu, ngakhale pansi panali ponyowa.

Anthu aja anabweranso. Osati tsiku lililonse. Nthawi zina ankagogoda, nthawi zina ankangoima kuseri kwa nyumba n'kumacheza okhaokha motsitsa, ngati anthu odikira mnzawo amene akuvala. Oyandikana nafe ankati samva kanthu, koma anasiya kubwera kwathu dzuwa likapendeka. Amayi anaonda. Tinkasinthana kumulondera ngati khanda.

Tsiku limene anachoka, amayi anali ku maliro mudzi wina. Ine ndinatseka chitseko n'kupita kuseri kukalowetsa mbuzi m'khola. Imodzi inavuta, inathawira m'chinangwa. Pobwera ndinapeza chitseko chili pululu. Sanatenge kanthu, ngakhale juzi.

Tinafunafuna. M'mabulugamu tinalowamo ndi mudzi wonse, masana, kangapo. Apolisi anabwera, anayendamo, analemba zawo. Atsibweni anazungulira Limbe yonse, mpaka ku Ndirande, poganiza kuti mwina wapita kumene ankakukonda kuja. Palibe anamuona. Akuluakulu atanena zoti tiyale maliro, amayi anakana. Anati sangalire mwana amene sanamuone atagona.

Anthu amanong'ona. Ena amati anamuchita ndi anzake a kuntchito chifukwa cha nsanje. Koma achikulire amanena zina, ndipo amanena atayang'ana pansi. Amati pamalo paja ndi pamene ankagona anthu a thangata, aja anachoka ku Mozambique okhaokha, opanda m'bale, kudzalima fodya wa mzungu. Chaka china kunagwa nthenda. Ankakwirirana okhaokha pakhomo pa tinyumba tawo, ndipo womaliza sakudziwika anamukwirira ndani. Palibe anawalira, palibe anawafululira mowa. Ndiye amati anthu aja akadali kucheza, ndipo nkhani zikawathera amafuna wina wobwera ndi zatsopano.

Zaka zinapita. Tinazolowera kukhala awiri m'nyumba yopanda phokoso.

Mwezi wathawu ndinakumana ndi Latifa pamjigo. Latifa ndi mayi wachitsikana amene amapikula tomato n'kukagulitsa ku Limbe. Ukwati unatha, amakhala yekha, ndipo aliyense amamudziwa ndi pakamwa. Kwa nthawi yaitali wakhala akudandaula kuti mudzi uno wamutopetsa, akufuna kusamukira m'tauni komwe kuli anthu. Anadikira kuti ena achoke, kenako anasendera.

Anati dzulo lake, pobwera ku msika dzuwa litalowa, anakumana ndi Vitalis pamene njira ya m'mabulugamu imayambira. Anali wosangalala, wosakalamba ngakhale pang'ono. Anamuthandiza kusenza dengu. Anafunsa za amayi, za mbuzi, za amene akumenya mpira masiku ano. Anacheza mpaka Latifa anaiwala kuti kwada. Potsanzikana anamuuza kuti chipinda choyandikana ndi chake chilibe munthu, ndipo munthu ngati iyeyo kumeneko angakukonde.

Ndinasiya kupopa. Ndinamufotokozera zonse, za moto wosatentha, za timitumbira, za kugogoda. Ndinamupempha kuti azibwerako ku Limbe kukadawala, azidzera kumsewu waukulu ngakhale n'kozungulira. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, chinthu chimene Latifa sachita. Kenako anapinda nkhata yake pang'onopang'ono.

"Ndamva, achemwali. Koma ndimati ndikangoona chabe. Kuona si kusamuka."

Anasenza ndowa yake n'kumapita.

Amayi sindinawauze. Ndikudziwa kuti akangomva zoti mwana wawo amaima panjira paja madzulo, nawonso afunda nsalu.