Nyimbo ya Kugwa kwa Macario

Lamlungu limene Crescencio Uscanga anasandutsa munthu wovulala kukhala choseketsa, anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo anali atachenjezedwa kale.

Mnyamatayu ankaimba piyano m'nyumba ya kanema ya azakhali ake, Doña Fermina, pafupi ndi doko la Veracruz, ndipo zala zake ndizo zinali munda wake. Makanema a masiku amenewo analibe mawu. Anthu ankaona bambo wonenepa akuterereka kapena wapolisi akumenyedwa ndi thabwa, koma chowauza nthawi yoseka chinali piyano. Nyimbozo ankapeka yekha. Inalipo ya kuthamangitsana, inalipo ya mbama, koma yotchuka inali ya kugwa: timawu totsetsereka mofulumira ngati munthu wogubuduka pamasitepe, kenako kugunda kumodzi kolemera. Anthu a padoko anaizolowera kotero kuti ankaseka akangoimva, asanaone n'komwe amene wagwa.

"Maso ako azikhala pansalu yoonetsera, wamva?" azakhali ake ankatero. "Apansalupo akagwa amadzuka n'kusasa fumbi. Awa apamipandowa ali ndi mafupa."

"Azakhali, munthu wabwerera kudzaseka. Ndimumane?"

"Pakamwa pakopo, iwe."

Masana a tsikulo, kanema atayamba kale, munalowa Macario Tejeda, wonyamula katundu padoko. Bokosi la zitsulo linali litamuphwanya mwendo, ndipo aka kanali koyamba kutuluka panja chichokereni kuchipatala. Ankayendera ndodo ziwiri, mkazi wake ali patsogolo, mng'ono wake Rufino ali pambuyo. Mumdimamo ndodo imodzi inaponda khoko la lalanje. Macario anagwa chagada pakati pa mipando.

Crescencio anaona zonse. Pansalu panali mnyamata ndi mtsikana akungoyang'anana, malo ofuna nyimbo yodekha. Iye anaidula pakati, namwetulira, naimba ya kugwa.

Anthu anafa nalo phwete. Ambiri sanadziwe chimene ankaseka, pakuti khutu lozolowera silifunsa kaye kwa mtima.

"Bwereza, katswiri!" anakuwa wina kumbuyo.

Macario anayesa kudzuka, ndodo inatererekanso, ndipo anagwera mwendo wovulala uja. Crescencio anabwerezadi, mokweza kuposa poyamba.

Kenako kunamveka kulira kwa mkazi wa Macario. Wina anayatsa nyali, ndipo onse anaona nsalu yomangira chilonda itafiira magazi. Chiseko chinazima.

Rufino sanakuwe. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa piyano.

"Achimwene, tandiuzani chakusangalatsanicho, nanenso ndiseke nawo."

"Aaa, bwanawe, ndi nyimbo chabe. Ineyo ndam'kankha?"

Chibakera chinam'peza pakamwa, mano awiri anagwera pansi. Crescencio anagubuduka pamodzi ndi mpando wake. Anthu omwe aja amene ankaseka, manyazi atawagwira, anafuna woti amulipiritse manyaziwo. Anadumpha mabenchi.

"M'phwanyeni galu ameneyo!" anakuwa yemwe uja anapempha kubwereza.

Anam'ponda m'nthiti ndi nsapato za padoko. Botolo linasweka pamutu pake. Mpando woponyedwa unang'amba nsalu yoonetsera kuchokera pamwamba mpaka pansi, zithunzi zikuvinabe pakhoma. Doña Fermina analowa pakati atatambasula manja.

"Rufino, mwanangu, ndakugwira mwendo! Mnyamatayu walakwa, koma ndi mwana! Tengani m'bale wanu mupite naye kwa dokotala!"

Anam'kankhira pambali. Macario mwiniwake, ali chigonere pansi, ankaitana ndi mawu ofooka: "Rufino, basi. Tiye kunyumba." Koma mkwiyo ukafika pamenepo sumvanso mawu a amene ukum'menyera nkhondo.

Rufino anam'dzutsa Crescencio pom'gwira tsitsi, nagoneka dzanja lake lamanja pa piyano.

"Tiimbirenitu, katswiri."

"Pepa! Dzanja lokhalo ayi, chonde!"

Chivundikiro cholemera cha piyanoyo chinatsikira pazalazo ndi mphamvu. Rufino anachikweza, nachitsitsanso. Apolisi atafika anapeza anthu ataima phee, aliyense akuyang'ana pansi ngati wangofika kumene.

Chilonda cha Macario chinaola, ndipo madokotala anadula mwendowo pamwamba pa bondo. Rufino anamangidwa, nasiya mabanja awiri opanda wowadyetsa. Doña Fermina anatseka nyumba ya kanema. Zala zinayi za Crescencio zinapola zitapindika, ndipo sanaimbenso piyano moyo wake wonse.