Munthu Akagogoda, Umamusiya

Loweruka lililonse masana, makasitomala akachepa mu saluni imene ankaluka tsitsi, Mainess ankasuzumira mu babashopu ya a Goliati, khomo loyandikana nalo. A Goliati anali kamunthu kakafupi koti pometa munthu wamtali ankakwera pa kabokosi, koma anali ndi sola ndi TV yaikulu. Magetsi akathima, okonda resiling'i onse a mbali imeneyo ya komboni ya Chawama mu Lusaka ankathera mwa iwo.

Mkangano wa mmenemo sunkasintha: kodi nambala wani ndani? Mayina achizungu a ogwetsanawo anawataya kalekale n'kuwapatsa awoawo. Panali Chigayo, chimunthu chopera aliyense. Panali Kabawi, wovala chigoba kumaso, wouluka kuchokera pazingwe. Amuna ndevu pepeya ankatukwanizana chifukwa cha anthu awiriwa, amene sankadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli Chawama.

Loweruka lina pampando wometera panali mlendo, mnyamata wa khosi lonenepa ndi khutu limodzi lotupa. Anamvetsera mkanganowo mpaka anatopa.

"Imwe bantu, mukangana pa vinthu va boza," anatero. "Aba ni ma ekita chabe. Onelelani MMA, ija ya mu khola ya waya, muone ndeo ya zoona."

Amene anayankha ndi Mainess, ali chiimire pakhomo, chipeso chili m'tsitsi.

"Tiziba kuti ni vokonza, ba bulaza. Manje imwe kwerani pa leda mugwe na msana, tione ngati pansi napo ni pa boza."

Anthu anafa nalo phwete. Mnyamatayo anatembenuka, a Goliati n'kutsala pang'ono kumudula khutu labwino lija. Ananena kuti dzina lake ndi Kombe, ndipo anafunsa kuti nanga mlongo wolusayu nambala wani wake ndani.

"Matiresi," anatero Mainess.

Apa anamuseka onse, ngakhale anzake omwe. Matiresi anali wogwetsana wachikulire amene ntchito yake inali kugonja, aliyense ankangogwera pa iye. Koma Mainess sanachite manyazi. Anati malemu bambo ake anamuphunzitsa kusayang'ana wopambana, koma kuyang'ana manja.

"Matiresi akakunyamula kuti akugwese, kwanja kwake kumankhala kunsi kwa mutu wako. Sanatyolepo muntu. Uyo ndiye mwamuna."

Kombe sanaseke. Atameta anapempha nambala ya foni, ati kuti mkanganowo usathere panjira.

Kunena zoona, Mainess anali wosungulumwa kwambiri. Bambo ake atamwalira, mayi ake anabwerera ku Katete, iye n'kutsala yekha m'kachipinda ka lendi ku komboni ya Kuku. Akaweruka ankaonera magemu akale pa foni, ndipo Matiresi akagwa bwino ankatembenukabe kuti auze bambo ake. Ankapeza khoma. Munthu wotere akamva foni ikulira, mtima umathamanga kuposa nzeru.

Uthenga woyamba unati: "Mwafika bwino, ba loya ba Matiresi?" Sabata isanathe, ulemu wa "imwe" unali utagwa m'ngalande. "Champiyoni wanga, wadya?" "Switi, lelo nakuganiza mpaka bananimenya kofi pa trening'i." Mainess ankawerenga mauthengawo mobwereza mpaka batire kutha.

Kombe ankawotcherera zitsulo masana, madzulo n'kumakaphunzira ndewu ya m'khola ku Matero. Anati amakhala kwa msuweni wake, m'nyumba yodzaza anthu yoti mlendo sangapeze pokhala, choncho ankabwera ndi iyeyo ku Chawama. Mainess sanafunse zambiri. Munthu wodana ndi zabodza chonchija, woti ngakhale pa TV sazifuna, anganame bwanji?

Chikondi chawo chinali cha mikangano. Kombe ankati Chigayo atamulowetsa m'khola sangathe ndi mphindi imodzi yomwe. Mainess ankati omenyana a m'khola amangokumbatirana pansi ngati anthu olimbirana bulangete, ndipo palibe mwana amene angalowezeko dzina lawo. Kombe ankati wamkulu ndi amene sanagonjepo. Mainess ankati wamkulu ndi amene amadzutsa holo yonse pamipando. Akatopa ankagula chimanga chootcha n'kugawana.

"Ma ranking'i yonse yamachinja," anamuuza tsiku lina akumuperekeza ku Kuku, "koma mu mtima mwanga ndiwe nambala wani. Nambala thu kulibe."

Lamlungu lina atakhala pakhonde, Mainess anamukola khosi ndi mkono mwamasewera, kuti amuonetse kuti nayenso resiling'i amaidziwa. Kombe anamugogoda pamkono ndi zala. Mainess anangoseka n'kufinyabe. Atamusiya, anaona kuti nkhope ya mnyamatayo yasintha.

"Bebi, mvera. Muntu akagogoda so, umamusiya pamene apo. Ni lamulo. Ndiye kuti wakamba kuti nalephera, nilibe vina. Wamene sasiya ni chinyama."

Mainess anapepesa. Kenako anati n'chifukwa chake iye amakonda resiling'i, poti kumeneko munthu amatha kugona chagada, refu n'kuwerenga kamodzi, kawiri, anthu onse atataya mtima, iye n'kudzutsa phewa. Kombe anaseka, ati zodzutsa phewa n'za pa TV.

Tsiku lomwelo ndi limene analonjeza. Anagwira dzanja la Mainess n'kuliika pachifuwa chake.

"Nikasiliza ndeo yanga yoyamba, nizatuma bantu na mbale kuli ba ankolo bako. Nifuna nikutenge mwa ulemu, wamtima wanga. Ine sinichita va ma ekita."

Mbale zovundikira zija ndi zimene Abemba amatumiza pofunsira mbeta, ndipo Kombe anali Mbemba. Mainess sanathe kuisunga nkhaniyo. Anakwera minibasi mpaka ku komboni ya George kukauza amalume ake, a Hosea, amene anali ngati bambo ake mu Lusaka. A Hosea anasangalala, naimbira mayi ake ku Katete. Akazi awo anayamba kale kukambirana za zitenje. Mwana wamasiye wapeza pogwira, ankatero.

Koma ku ndewuko Kombe anamuletsa. Anati kumakhala magazi, ndipo iye akamva kulira kwa switi wake manja angafooke. Mainess anavomera ndi pakamwa pokha. Mkazi wanji amene sangaone mwamuna wake pa tsiku lake lalikulu? A Goliati anamuuza holo yake ku Matero ndi nthawi yake, Loweruka masana. Anatseka saluni, navala diresi yake yachikasu, nanyamuka kuti akamudzidzimutse.

M'holomo munali fumbi ndi fungo la thukuta. Pakati anamangapo khola la waya. Mainess anapeza malo pabenchi pafupi ndi mayi wina wachitsikana, wapakati, atanyamula kamwana kakakazi pamiyendo. Mayiyo anamusunthira, namugawira mtedza. Anati iye masewerawa amadana nawo, wangobwera chifukwa amuna ake akumenya lero, ndipo usiku wonse sanagone ndi mantha. Mainess anamulimbitsa mtima. Anati nayenso wake akumenya, ndiye azipempherera limodzi.

Anadutsa omenyana awiri oyamba, anadutsa ena. Kenako wolengeza anatchula dzina la Kombe.

Anaimirira onse awiri.

"Bashi Luse!" anakuwa mayi uja, kutanthauza bambo ake a Luse. Anakweza kamwanako m'mwamba. "Luse, ona ba dadi!"

Mainess anamuyang'ana mayiyo. Mwina akunena womenya winayo, anadziuza. Koma winayo anali asanatuluke n'komwe, panjira yopita kukhola panali Kombe yekha. Anayang'ana kumene kunachokera mawuwo, nakweza dzanja akumwetulira. Kenako anaona diresi yachikasu, dzanja lija n'kutsika pang'onopang'ono.

Mainess anakhala pansi. Mtedza unali udakali m'manja mwake.

Ndewu anaionera ngati ikuchitikira kutali. Mu raundi yachiwiri mdani uja anamugwetsa Kombe n'kumukola khosi kuchokera kumbuyo. Nkhope inatupa, mitsempha inatuluka, holo yonse inkadikira kuti agogode. Mayi wapakati uja anabisa nkhope paphewa la Mainess, ndipo Mainess, mopusa mwake, anamusisita kumsana. Kombe sanagogode. Anapirira, anapotoloka, anatulukamo, ndipo pamapeto refu anakweza dzanja lake.

"Uyu sagogoda!" ankakuwa anyamata kumbuyo. "Uyu ni chimwamuna!"

Ngakhale pamenepo Mainess anali asanataye mtima, ndipo ichi ndi chimene chimamvetsa chisoni. Mwana woleredwa ndi resiling'i amakhulupirira kuti refu asanamenye kachitatu, nkhani sinathe. Mwina ndi mkazi amene anasiyana naye. Mwina ndi mlamu wake wamasiye, ana ake amangomutcha dadi. Mwina pali kufotokoza kwina kumene iye sakukuganizira. Mtima wosungulumwa umapeka bodza labwino kuposa la wonamayo.

Anamupeza kuseri kwa holo, pampopi, akutsuka magazi pamlomo. Anali yekha. Mainess anamugwira pamkono ndi manja onse awiri.

"Kombe, ni ndani uja?"

Kombe anayang'ana madzi akutayikira pansi.

"Ba ankolo bayembekeza mbale. Ba mami ku Katete bauza mpingo onse. Nizabauza chani?"

Kombe anapukuta mlomo ndi dzanja linalo.

"Kamba kuti ni sisita wako. Ninamize chabe, nizavomera." Mainess anamukoka mkono. "Ine va boza nimavikwanisa, uziba. Ningofuna muntu aike kwanja kunsi kwa mutu wanga nikalibe kugwa. Kamba kanthu, switi."

Kuchokera pakona ya holo kunamveka mawu a mayi uja akufunsa anthu ngati aona bashi Luse. Mainess anafinya kwambiri. Anayang'ana mnyamata amene holo yonse inamuona akukana kugonja khosi lili m'goli, nadikira kuti adzutse phewa.

Kombe anakweza dzanja lake linalo, lokulungidwabe bandeji. Ndi zala ziwiri anamugogoda pamkono, pang'onopang'ono, osamuyang'ana kumaso.

Mainess anamusiya. Lamulolo Kombe anali atamuphunzitsa yekha.

Mayi uja anatulukira akupuma movutikira, mwana atagona paphewa. Ataona Mainess anasangalala, nauza amuna ake kuti uyu ndi mlongo wabwino amene wamulimbitsa mtima ndewu yonse. Kenako anafunsa kuti nanga wake uja wamenya kale, wapambana?

"Wagogoda," anatero Mainess.

Mayiyo anamupepesa ndi mtima wonse, ati asadandaule, adzapambana ulendo wina. Anadandaula kuti msana ukumupweteka, napereka mwanayo kwa bambo ake.

Mainess sanafune kuyang'ana, koma maso ake anazolowera kuyang'ana manja. Kombe analandira kamwana kogonako mosamala. Kamutu kake katayamba kugwera chagada, dzanja la bandeji lija linafika kale kunsi kwake.

Kuika dzanja kunsi kwa mutu wa munthu Kombe ankakudziwa. Mainess anatembenuka n'kuyamba kuyenda kupita pa siteji ya minibasi za ku George, mtedza wa mkazi wa mwini uli m'thumba la diresi yachikasu.