Manja a Agogo Tsoka

"Bambo anga tsopano akudya ngati bwana," anatero a Fumbani pakhonde la golosale ya a Khamisi ku Simlemba. "Chakudya chikungodzilowera pa paipi ya m'mphuno, osavutika n'kutafuna. Ndinalamula ndine."

A Khamisi anangoti, "Ooh," n'kupitiriza kuyeza shuga.

Ennie, mwana wa mlongo wawo wa a Fumbani, anamva zonsezo akudikira kugula sopo. Anatuluka osagula.

Agogo ake, a Tsoka, anali ndi matenda oiwala. Ana awo omwe sankawazindikiranso, ndipo kumeza kunkawavuta. Kunyumba, Ennie ndi amayi ake ankawamwetsa phala ndi sipuni. Zala zawo zokha n'zimene sizinaiwale ntchito: tsiku lonse zinkasoka fodya wosaoneka, ngati mwini wake akadali m'chigafa. Zalazo zinazula paipi kawiri, ndiye kuchipatala anawamangirira manja kubedi ndi nsalu.

Mawa lake a Fumbani anafika muwodi atavala jekete, dzuwa likuswa mtengo.

"Amalume, bwerani muone bwana wanu uja," anatero Ennie, n'kuvundukula bulangete. Manja a agogo anali atatupa pomwe panadutsa nsalu. "Ngakhale mbuzi timaimasula ikamadya."

"Iwe, wa Fomu 2 ungadziwe za chipatala?"

Namwino amene ankadutsa anaima. "Tinakuuzani kale, bambo. Matendawa akafika apa, paipi siwonjezera masiku kwenikweni. Angathe kudyera pakamwa, pang'onopang'ono, wina atakhala nawo pafupi. Munakana ndinu."

"Anakana chifukwa makuponi a feteleza akubwera mwezi wamawa!" Ennie anakuwa. "Kuponiyo imabwera m'dzina la agogo, koma wotenga ndinu, ndiye mukufuna idzawapeze ali moyo. Chaka chilichonse mukaitenga mumati, 'Ndibwera Loweruka kudzawadyetsa, achemwali apumeko.' Loweruka lake liti, amalume?"

"Ukuyankhula ndi ndani iwe?"

"Msiyeni mwanayo amalize, bambo a jekete," anatero mayi wina wodwazika matenda pabedi loyandikana nalo. Wodi yonse inali itatembenuka, ngakhale amene anali pa diripi.

A Fumbani anasendera pafupi. Anayang'ana pabedi. Zala za bambo awo zinali kugwedezekabe pansi pa mfundo, kufunafuna tsamba ndi chingwe. Zala zomwezo n'zimene zinasoka fodya wa fizi yawo yonse, mpaka adziwe kuvala jekete.

Anagwada n'kuyamba kumasula nsalu. Mfundo ina inawakanika, anachita kuiluma ndi mano.

"Ichotseni paipiyo, anesi," anatero motsitsa.

Paipi itachotsedwa, Ennie anawakhazika agogo tsonga, n'kupereka kapu ya phala kwa amalume ake. A Fumbani anavula jekete.

"Theka la sipuni, amalume! Si kudzaza thumba la feteleza kumeneku. Dikirani ameze kaye."

Anadikira. A Tsoka anameza, kenako anagwira mkono wa shati ya mwana wawo n'kuyamba kuusoka. Sipuni yotsatira inathera pachifuwa pa a Fumbani. Sanapukute, anangotunga ina.

"Kodi lero n'lachingati?" anafunsa mayi uja mokweza, kuti aliyense amve.

"Lachitatu," anayankha Ennie, nkhope ikadali yomanga. "Koma tiliwerengera ngati Loweruka loyamba."