Dimba la Asiatu Kuseri kwa Bwato

Asiatu anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala m'mudzi wina kufupi ndi Makanjira. Ababa ake, a Jaffalie, anali msodzi. Amama ake anali ndi khanda. Dzina la khandalo linali Wadi.

Asiatu ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna dimba.

Mvula inali itatha. Nyengo yozizira inali pafupi. Tsiku lina m'mawa, Ababa anatsegula wailesi yawo ya Nzeru.

"Mwera wayandikira," inatero wailesi. "Asodzi achenjere."

Asiatu ankaudziwa mwera. Mwera ndi mphepo yozizira. Mwera ndi mphepo yamphamvu. Mwera ukawomba, nyanja imakalipa. Nyanja ikakalipa, mabwato amakhala kumtunda. Mabwato akakhala kumtunda, ndiwo zimasowa.

Chaka chilichonse Amama ankalima dimba kuseri kwa nyumba. Dimbalo linkawapatsa ndiwo nthawi ya mwera. Koma chaka chino Amama anali asanapeze mphamvu.

"Chaka chino dimba lalephereka," anatero Amama.

"Nanga azakhali sangatithandize?" anafunsa Asiatu.

"Azakhali ako atanganidwa. Masana alionse ali kubwalo. Akuphunzira magule a chipani."

Asiatu anaimirira. "Ndilima ine, Amama."

"Iwe? Khasu ndi lolemera, mwanangu."

"Ndi lolemeradi," anatero Asiatu. "Koma ndikwanitsa."

Ataweruka kusukulu, Asiatu anatenga khasu. Analima. Anapuma. Analimanso. Anazula udzu wouma. Anatola miyala. Anakonza mabedi atatu.

Kenaka anatunga madzi. Anathira ndowa imodzi. Madzi anasowa. Anathira ndowa ina. Madzi anasowanso. Nthaka inali ya mchenga okhaokha.

M'mawa mwake Asiatu anapita kwa a Lusiya. A Lusiya anali aphunzitsi ake. Kwawo kunali ku Dedza, kumene anthu amalima masamba ambiri.

"Aphunzitsi, dimba langa likumeza madzi," anatero Asiatu.

A Lusiya anaseka. "Mchenga uli ngati dengu. Susunga madzi. Uupatse manyowa."

"Manyowa ake ati?"

"Ndowe zakale za mbuzi. Masamba owola. Phulusa pang'ono. Kodi ukwanitsa?"

"Ndikwanitsa," anatero Asiatu.

A Lusiya anamupatsa mbewu m'kapepala. Munali mpiru ndi tomato.

Asiatu anapita kukhola la mbuzi. Anasesa ndowe zouma. Anasenza dengu limodzi. Anasenza lachiwiri. Anasenza lachitatu. Khosi linawawa, koma sanasiye. Anasakaniza manyowa ndi mchenga. Nthaka inayamba kuda.

Anathira madzi. Madzi sanasowe! Nthaka inakhala yonyowa.

Asiatu anafesa mbewu zake. M'mawa ankathirira. Madzulo ankathirira. Patapita masiku asanu, anaona timasamba. Tinali tating'ono. Tinali tobiriwira.

"Amama, bwerani! Zamera!"

Amama anabwera ndi Wadi kumsana. Anayang'ana, namwetulira.

Koma Lachinayi mwera unafika. Unawomba kuti vuu! Unagwedeza mitengo. Unaulutsa mchenga. Asiatu anathamanga kuchokera kusukulu. Anafika padimba ali wefuwefu.

Timasamba tija sitinkaoneka. Mchenga unali utatikwirira. Asiatu anafukula ndi zala. Tina tinali titathyoka. Tina tinali titafota.

Asiatu anamva chisoni. Anapita kudoko kukafuna Ababa. Asodzi onse anali kumtunda. Ena ankasoka maukonde. Ena ankasewera bawo. Mchenga unkamumenya Asiatu kumaso. Iye anabisala kuseri kwa bwato lina lakale.

Bwatolo linali la Ababa. Linali long'ambika, ndipo silinkapitanso panyanja.

Kuseri kwa bwato kunali zii. Mchenga sunkafikako. Pafupi ndi phazi lake panali kaudzu. Kaudzuko sikankagwedezeka. Asiatu anakayang'ana. Anayang'ana bwato. Anakayang'ananso kaudzu.

Analumpha. "Ababa! Ababa!"

"Kwagwanji, mwanangu?"

"Ndipatseni bwato ili."

Asodzi anaseka. "Ukufuna kupha usipa ndi bwato long'ambika?" anafunsa mmodzi.

"Ayi," anatero Asiatu. "Ndikufuna litchinge mphepo padimba langa. Bwerani muone."

Ababa anabwera. Anagwada kuseri kwa bwato. Anaona kaudzu kaja. Anagwedeza mutu.

"Mwanayu wanena zoona," anatero Ababa. "Anzanga, lero kulibe ntchito. Tiyeni tinyamule."

Amuna asanu ndi mmodzi ananyamula bwato. Asiatu anali patsogolo.

"Tiliike pati?" anafunsa Ababa.

Asiatu anatola mchenga. Anauponya m'mwamba. Anaona kumene mphepo inkachokera.

"Apa," anatero. "Mbali iyi ya kum'mwera."

Analigoneka chammbali. Analitsamiritsa ndi miyala. Koma bwato linali lalifupi. Linatchinga mabedi awiri okha.

"Bedi lachitatu latsala," anatero Ababa.

"Timanga mpanda wa bango," anatero Asiatu.

Ababa anadula bango. Asiatu analisenza. Ababa anazika mitengo. Asiatu anamanga bango ndi luzi. Mbali zinazo anazitchinga ndi ukonde wakale. Tsopano nkhuku sizikanalowa. Mbuzi sizikanalowa.

M'kapepala muja munali mutatsala mbewu. Asiatu anafesanso. Anayala udzu wouma pamwamba pa mabedi.

"Udzuwu ndi wa chiyani?" anafunsa Amama.

"Ndi bulangeti la mbewu," anatero Asiatu. "Nthaka isaume msanga. Mbewu zisamve chisanu."

Mwera unawomba. Unamenya bwato. Unamenya bango. Koma m'dimba munali zii.

Mbewu zinameranso. Asiatu anachotsako udzu pang'ono. Mbewu zinakula. Asiatu anaziwokera. Mpiru unatambasula masamba. Tomato anachita maluwa.

Mwezi wa Juni unafika. Kunazizira. Mwera unawomba masiku asanu ndi awiri osaleka. Panalibe bwato limene linapita panyanja. Usipa wouma unatha m'nyumba.

"Lero tidyera chiyani?" anafunsa Amama.

Asiatu anatenga lichero. Analowa m'dimba. Anathyola mpiru. Anathyola wina. Lichero linadzaza.

Amama anaphika mpiru wotendera. Anagawako m'mbale ina.

"Uwu ndi wa aphunzitsi ako," anatero Amama.

Asiatu anakapereka. A Lusiya analawa.

"Ngati wa ku Dedza!" anatero, akuwomba m'manja.

M'mawa mwake Asiatu anamva phokoso kudimba. Anatuluka. Anapeza Ababa ali ndi ndowa ziwiri.

"Mukutani, Ababa?"

"Panyanja palibe ntchito. Ndabwera kudzathandiza. Ndithire pati, eni dimba?"

"Pa tomato," anatero Asiatu.

Ababa anakhuthula ndowa yonse, khuthu! Matope anawathovukira kumaso.

"Ayi, Ababa! Osati ngati mukukapa madzi m'bwato. Pang'onopang'ono. Chonchi."

Asiatu anagwira dzanja la Ababa. Anathira limodzi. Madzi analowa bwino m'nthaka.

Amama anaima pampanda ndi Wadi. Wadi anayang'ana nkhope ya Ababa. Inali yamatope okhaokha. Wadi anatsegula kakamwa kake kopanda mano.

"Tamverani!" anatero Amama. "Akuseka!"

Kanali koyamba Wadi kuseka. Ababa anadzipaka matope ena pamphuno. Wadi anasekanso. Ndipo onse anaseka naye.